Kodi munthu wa ku Malawi angadye ndi ntchito ya makatuni ndi VFX?

Chiko wa ku Chilomoni
Moni akuluakulu nonse. Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete pagulu pano kwa miyezi ingapo, koma lero nkhani yandikulira ndiye ndati ndifunse, paja safunsa anadya phula. Ndinalemba Fomu 4 chaka chatha ndipo ndinakhoza bwino. Kujambula ndinayamba ndili ku pulayimale, masamba akumapeto a makope anga onse ankadzaza ndi zithunzi. Chaka chino amalume anandisiyira laputopu yawo yakale, RAM yake 8GB, yopanda graphics card yapadera. Ndinaikamo Blender, pulogalamu yaulere yopangira makatuni a 3D, ndipo usiku uliwonse magetsi akakhalapo ndimakhala pamenepo mpaka maso kuwawa. Ndaumbako nyumba, mpando ndi minibasi. Moto ndi utsi ndinayesako koma laputopu imangouma.

Bambo akufuna ndikachite za akaunti. Akuti zidole sizigula thumba la chimanga. Sindikuwaona kulakwa, anativutikira kwambiri. Koma mtima wanga uli kuno. Ndiye inu amene muli kale m'ntchitoyi ndiuzeni zoona zokhazokha. Kodi munthu wa kuno angadye nazo zimenezi? Ndiyambire pati? Kapena ndiyambe ndadikira kaye mpaka nditapeza kompyuta yamphamvu?

Aphiri a ku Area 25
Mphwanga, ndikuyankha chifukwa funso lakoli ndinalifunsapo ine ndemwe. Kudya timadya, ine lendi ndimalipira ndi ntchito imeneyi. Koma usaganize kuti tsiku lililonse ndimapanga zinyama zolankhula. Zambiri zomwe zimabwera pa tebulo langa ndi zotsatsa malonda: dzina la sitolo lizungulire, mitengo ya katundu ituluke bwino, timakanema ta mabungwe tophunzitsa kusamba m'manja kapena kugona m'masikito, mawu oyamba a pulogalamu ya pa wailesi ya kanema, zoonetsa pa sikirini ku tchalitchi. Imeneyo ndiyo nsima yathu ya kuno. Amaitcha motion graphics. Ukaidziwa bwino sugona ndi njala, koma kuti ulemere nayo msanga, ayi.

Za kudikira kompyuta iwala. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zida zimenezi inathawiratu. Ukati udikire udzaona imvi zatuluka usanayambe.

Nachisale ku Cape Town
Chiko, ndawerenga zomwe walembazi kawiri. Chomwe chandigwira mtima ndi mndandanda wakowo: nyumba, mpando, minibasi, moto, utsi. Apa ndi pamene ambiri timasocherera poyamba. Umafuna kulawa ndiwo zonse za paukwati nthawi imodzi.

Filimu ya makatuni siipangidwa ndi munthu mmodzi wodziwa zonse. Pali wolemba nkhani. Pali wojambula storyboard, amene amayala nkhani yonse m'tizithunzi ngati komiki. Pali woumba zinthu, modeling, zomwe wakhala ukuchitazo. Pali woika mafupa m'chidolecho kuti chizipindika, rigging. Pali wochiyendetsa kuti chikhale ngati chamoyo, ameneyo ndiye animator weniweni, ndipo ndi ntchito yanga. Kenako woika kuwala, wopanga madzi, moto ndi fumbi, ndi womanga zonsezo pamodzi pamapeto, compositor. Studio ikamalemba munthu ntchito imafunsa chinthu chimodzi: iwe mwa zonsezi umatha chiti? Ukati zonse, amadziwiratu kuti palibe chomwe wazama nacho.

Ndiye lawa zonse kwa miyezi ingapo, palibe vuto, koma uziyang'anitsitsa kuti ndi iti yomwe ukaigwira umaiwala kudya. Ukaipeza, zinazo uzisiye kaye.

Ndipo laputopu yakoyo ikukwanira kuphunzirira animation. Kuyendetsa chidole sikufuna makina amphamvu. Chomwe chimapha laputopu ndi render, kutanthauza pamene kompyuta ikutulutsa zithunzi zomalizidwa za kanema, ndi moto umene ukuulimbikirawo.

Chiko wa ku Chilomoni
Zikomo kwambiri achemwali ndi Aphiri. Achemwali, kunena zoona chomwe chimandisangalatsa ndi pamene chinthu chayamba kuyenda. Ndinapezapo chidole chaulere pa intaneti n'kuchiyendetsa, chinkayenda ngati chikutsetsereka pa simenti yonyowa, komabe ndinagona mochedwa tsiku limenelo chifukwa cha chimwemwe. Ndiye ngati ndi animation ndiyambe ndi chiyani?

Nachisale ku Cape Town
Yamba ndi mpira. Inde, mpira wodumphadumpha basi. Aliyense amene ndimamudziwa m'ntchitoyi anayambira pamenepo. Upange mpira wachikopa, kenako mpira wachikulunga wa mapepala a pulasitiki umene munkasewera kumudzi, kenako mwala. Zitatuzi sizigwa mofanana. Wachikopa umadumpha kangapo, wachikulunga umangoti phwa n'kugubuduka pang'ono, mwala umangoti thi pomwepo. Munthu woonera akatha kudziwa kuti uwu ndi mwala popanda kumuuza, ndiye kuti wayamba kumvetsa kulemera ndi nthawi. Ntchito yonse ya animation yagona pa ziwirizi.

Kanema amayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Pamene mpira uli pamwamba zithunzi zimayandikana chifukwa ukuyenda pang'onopang'ono, pamene ukugwa zimatalikirana. Ukachimvetsa chimenecho m'manja mwako, osati m'mutu mokha, upite ku kayendedwe ka munthu. Chidole chako chinkatsetsereka chifukwa phazi lomwe laponda pansi liyenera kukhala pomwepo osasuntha mpaka litanyamuka, ndipo thupi limatsika pang'ono likalandira kulemera, n'kukweranso mwendo wina ukamadutsa.

Fufuzanso mfundo 12 za animation zomwe Frank Thomas ndi Ollie Johnston a ku Disney analemba mu 1981. Zinalembedwa nthawi ya mapepala ndi pensulo koma mpaka lero timagwiritsa ntchito zomwezo. Triggerfish, studio ya kuno ku Cape Town, ili ndi maphunziro aulere pa intaneti otchedwa Triggerfish Academy. Palinso 11 Second Club, kumene mwezi uliwonse amapereka mawu a masekondi pafupifupi 11 kuti anthu awayendetsere chidole, kenako n'kumaunikirana. Kumeneko anthu sanyengererana, ndipo n'zomwe ukufunika.

Gift wa mavidiyo
Aise Chiko, ine ndine wa mavidiyo a nyimbo kuno ku Ndirande, za zidole sindizidziwa kwenikweni koma VFX yapansipansi ndimapangako, kutanthauza kuwonjezera m'kanema ndi kompyuta zinthu zomwe kamera sinajambule. Green screen yanga, yomwe woimba amaima patsogolo pake kuti kenako ndiikepo malo ena kumbuyo kwake, ndi nsalu yobiriwira ya mamita asanu yomwe ndinagula mumsika ku Limbe. Poyamba ndinkavutika, woimba ankatuluka ndi tsitsi lobiriwira m'mbali ngati wamera ndere. Ndinadzaphunzira zinthu zitatu. Nsalu uyisite ndipo uyikoke ndithu, khwinya lililonse limasanduka mthunzi. Munthu asaime chogundana ndi nsalu, atalikirane nayo masitepe atatu kapena anayi kuti kubiriwirako kusamuwalire pakhungu. Chachitatu, ngati ulibe magetsi ojambulira, jambula panja pamthunzi kapena kukakhala mitambo, osati dzuwa lili paliwombo. Ndikatero pulogalamu ya DaVinci Resolve imachotsa nsaluyo bwinobwino, ndipo ndi yaulere, mkati mwake muli Fusion yopangira compositing.

Amene amandilimbitsa mtima ndi anyamata aja a ku Kaduna ku Nigeria, The Critics Company. Anayamba ndi foni, nsalu yobiriwira ndi Blender, n'kumapanga mafilimu a zam'mlengalenga mpaka anthu a ku Hollywood anawaona. Sanadikire.

Abanda ku London
Ndalowa mochedwa, kuno ndinali kuntchito. Ndikufuna ndiyikepo mbali ina kuti mwanayu asankhe maso ali tseguke.

Ine ndine compositor. Ndinayambira pansi penipeni, pa roto. Roto ndi kudula munthu kapena chinthu m'kanema, frame ndi frame, ndiye kuti chithunzi ndi chithunzi, kutsatira m'mphepete mwa thupi, zala, nthawi zina tsitsi, kuti kumbuyo kwake aikeko china. Sekondi imodzi mafulemu 24, ndiye werengera wekha shot ya masekondi khumi. Inzake ndi paint, kufufuta zingwe zomwe anamangira wosewera kuti aziuluka, kapena kuchotsa mthunzi wa kamera pagalasi. Ndi ntchito yotopetsa koma inandiphunzitsa kuona. Lero ntchito zambiri za mtundu umenewu zimatumizidwa ku India, ndiye khomo limenelo kuno linachepa.

Chomwe anthu sakuuzani n'chakuti ntchito ya VFX imayenda ndi makontirakiti. Filimu ikatha nawenso mwina watha. Imayendanso ndi kumene boma lachepetsa msonkho wa opanga mafilimu, n'chifukwa chake makampani anadzaza ku London, Vancouver ndi Montreal. Mu 2023 olemba ndi osewera mafilimu ku America atanyanyala ntchito, patapita miyezi ingapo kuno kunauma, chifukwa kunalibe zojambulidwa zoti tizikonze. Ine ndinakhala pakhomo miyezi isanu, lendi ya kuno ikundidikira, kumudzi akudikiranso. Ndipo si zachilendo. Mu February 2013 kampani ya VFX ya Rhythm and Hues inagwa pa ndalama, mwezi womwewo inalandira Oscar chifukwa cha kambuku wa mu Life of Pi. Ntchito yabwino kwambiri padziko lonse chaka chimenecho, koma antchito ambiri atachotsedwa kale.

Sindikunena kuti usalowe. Ntchitoyi ndimaikonda, ndipo tsiku loyamba kuona dzina langa kumapeto kwa filimu ndinagwetsa misozi. Koma walira mvula walira matope. Uzidziwa kusunga ndalama nthawi yokolola.

Mayi a Tadala
Pepani ndilowerereko ngakhale sindine wa ntchitoyi. Ndine mphunzitsi wa sekondale, ndinalowa pagulu pano chifukwa cha mwana wanga amene amakondanso zojambula. Chiko mwana wanga, bambo ako sakudana ndi luso lako. Akuopa. Ife makolo timadziwa njira ya mphunzitsi, ya namwino, ya wa akaunti, chifukwa tinaona anthu akudutsamo n'kumanga nyumba. Njira yakoyi sitinaionepo. Kukangana nawo sikungathandize. Uwaonetse. Tsiku lomwe udzalandire kandalama koyamba, ngakhale kochepa, ukagule shuga ndi sopo ukaike patebulo n'kunena kuti izi zachokera ku zidole zija. Makolo timamva chilankhulo chimenecho.

Komanso sukulu usaitaye. Ngati mwayi wa koleji ulipo pita, zinazi uzichita madzulo ndi pa holide.

Aphiri a ku Area 25
Mayi anena zoona. Ndipo Chiko, akaunti imene ukuithawayo ndi imene ine ndinaisowa. Ndikuuze zomwe zinandichitikira. Bungwe lina linandipatsa ntchito ya kakanema ka mphindi zitatu. Tinangogwirizana pakamwa, ine n'kusangalala kuti ndapeza kasitomala wamkulu. Ndinagwira masabata asanu. Nditapereka anati mayi wa m'katuniyo avale chitenje china. Ndinasintha. Kenako anati mwana akhale wamkazi. Kenako abwana ena atabwera kuchokera kunja anati nkhani yonse iyambire kuchipatala osati kumudzi. Kasanu ndi kawiri ndikusintha, mtengo womwewo. Nditadandaula anandiyankha kuti si kompyuta imapanga yokha kodi. Ndalama zake ndinazilandira patatha miyezi inayi, zitatha kale mphamvu.

Kuyambira pamenepo ndili ndi malamulo anga. Theka la ndalama ndilandire ndisanayatse kompyuta. Storyboard asayinire kaye, chifukwa kusintha pa pepala ndi mphindi khumi pamene kusintha kanema womalizidwa ndi sabata. Kusintha kwaulere kawiri kokha, kachitatu alipire. Zonse zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pokha. Ndipo kanema woyamba kuwatumizira azikhala ndi dzina langa pakati mpaka atamaliza kulipira.

Tadala
Ine ndi mwana wa amayi alankhula pamwambapa. Ndili Fomu 3. Laputopu ndilibe, ndimajambula pa foni ndi chala mu FlipaClip. Kodi zimenezi zimawerengedwa kapena ndikungotaya nthawi? Ndimakonda zojambula pamanja osati za 3D.

Nachisale ku Cape Town
Tadala mng'ono wanga, zimawerengedwa kwambiri. Chomwe ukuphunzira pa foniyo, nthawi ndi kulemera, ndi chomwechomwecho chimene ine ndimachita pa kompyuta ya kuntchito. Ojambula pamanja ambiri sajambula zithunzi 24 pa sekondi, amajambula 12 n'kuonetsa chilichonse kawiri. Ndiye masekondi 30 ndi zithunzi 360. N'zambiri, koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ukadzapeza kompyuta pali Krita ndi OpenToonz, zonse zaulere, ndipo mu Blender momwemo muli Grease Pencil yojambulira pamanja.

Koma chachikulu kwa iwe ndi kope ndi pensulo. Uzijambula anthu enieni, mofulumira, masekondi 30 munthu mmodzi. Pachigayo, podikira minibasi, kutchalitchi anthu akamatuluka. Usalimbane ndi nkhope, gwira m'mene thupi laimira. Ojambula storyboard abwino amasowa kulikonse, ndipo ntchito imeneyo siifuna makina amphamvu n'komwe. Atsikana tilipo m'ntchitoyi, usamve za wina.

Wa ku Chipata
Muli bwanji a ku Malawi, ine ndine mnansi wanu wa ku Zambia. Pa nkhani ya atsikana ndiwonjezereko. Malenga Mulendema ndi mayi wa kwathu kuno. Mu 2015 nkhani yake inasankhidwa pa Triggerfish Story Lab, ndipo inadzatuluka pa Netflix mu July 2023 ndi dzina loti Supa Team 4, atsikana anayi a mu Lusaka ya m'tsogolo. Werengani zaka zimenezo, zisanu ndi zitatu kuchokera pa ganizo kufika pa sikirini. Ndipo iye analowera khomo la nkhani, osati la kompyuta. Mwezi womwewo pa Disney+ panatuluka Kizazi Moto, timafilimu khumi ta opanga a m'maiko monga Zimbabwe, Uganda, Kenya, Nigeria, Egypt ndi South Africa. Ana anga ataona Lusaka m'katuni anakuwa nyumba yonse. Ndiye funso langa kwa inu ndi lakuti, tonse tikathamangira kukadula tsitsi la azungu frame ndi frame ku London, nkhani zathu adzapanga ndani?

Abanda ku London
Achimwene a ku Chipata, mwandilasa koma ndikuvomera theka. Kudula tsitsi kumeneko ndi kumene kunandiphunzitsa m'mene ntchito yaikulu imayendera: kutchula mafayilo mwadongosolo, kulandira chidzudzulo m'mawa uliwonse pamaso pa anzako osakwiya, kumaliza pa tsiku lomwe munagwirizana. Zimenezi kwathu zimasowa kuposa luso. Aluso ku Malawi ndi ambiri. Chomwe ndimaona n'chakuti aliyense ali yekhayekha m'chipinda chake, akufuna kupanga filimu ya maola awiri payekha, ndipo pakatha chaka watopa wasiya. Mutu umodzi susenza denga. Anthu asanu, wina nkhani, wina zidole, wina kuyendetsa, wina mawu ndi nyimbo, wina kumanga, atha kutulutsa mphindi zitatu zabwino. Mphindi zitatu zabwino zimatsegula zitseko kuposa maola awiri osatha.

Wa ku Chipata
Apo tagwirizana. Ine nkhawa yanga ndi yakuti ana athu akamaphunzira pa YouTube amatengera ndi kayendedwe komwe. Chidole chakuda, dzina lachichewa, koma chikamalankhula chimatambasula manja ndi kugwedeza mapewa ngati cha ku America.

Nachisale ku Cape Town
Eya! Apa mwakhudza pamene pamandiwawa. Chiko ndi Tadala, mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene muli ndi chuma chomwe animator wa ku Paris alibe.

Taonani mayi atasenza ndowa yodzaza madzi. Mutu sugwedera, khosi lili chilili, maso okha ndi amene amayang'ana uku ndi uku. Kugwedera konse kumapita m'chiuno, ndipo mapazi amaponda mofatsa, masitepe afupiafupi. Akafuna kucheuka amatembenuka thupi lonse. Akakhala ndi mwana kumbuyo amaweramira kutsogolo pang'ono, ndipo nthawi ndi nthawi amamukankhira m'mwamba n'kumangitsa nsalu pachifuwa. Taonani wakabaza akukwera chitunda ndi thumba la makala, m'mene amaimirira pa mapedulo njinga n'kumapendekera uku ndi uku. Taonani mwana akupatsidwa chinthu ndi agogo, manja awiri, bondo kupinda pang'ono, maso pansi. Mtsikana akupereka moni kwa apongozi. Anthu awiri akusinja mumtondo umodzi mosinthana, misi osagundana. Palibe phunziro la pa intaneti lomwe lingakuphunzitseni zimenezi. Mukaziika mu showreel yanu, kakanema koonetsa ntchito zanu pofunsira ntchito, munthu amene waona kale zidole mazana zikuyenda mofanana amaima n'kubwezanso.

Ngakhale pakamwa Chichewa chimatikomera. Mawu athu amathera pa a, e, i, o, u, ndiye maonekedwe a kamwa ndi asanu oonekera bwino, kuphatikizapo kutseka milomo pa m, b ndi p. Yesani kunena kuti "amama abwera" pagalasi muone m'mene milomo ikutsekera katatu. Mukaphonya kutseka kumeneko woonera amadziwa nthawi yomweyo kuti chidole sichikulankhula, chikungotafuna.

Chenjezo limodzi lokha. Ambiri amathamangira Gule Wamkulu chifukwa amakopa maso. Zimenezo zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Musangotola n'kuika m'katuni ngati chidole choopsezera ana, yambani mwakhala pansi ndi akuluakulu a mwambowo.

Gift wa mavidiyo
Achemwali mwanditsegula maso, ine ndimangoganiza za kuphulitsa magalimoto. Koma funso lina lomwe likundisowetsa tulo: nanga AI? Makasitomala ena ayamba kunena kuti bwanji ndikulipire pamene foni ikutha kupanga kanema ndikangolemba mawu.

Abanda ku London
Gift, nkhawa imeneyo kuno iliponso, sindikunamiza. Roto yomwe ndinayambira ine, mbali yake ina makina ayamba kuthandiza, ndipo ntchito zoyambira zikuchepa. Koma taona chomwe chimachitika kuntchito kwanga. Director amati utsi uwo uchedwe mafulemu asanu ndi limodzi, udutse kumbuyo kwa khutu la wosewera osati kutsogolo, china chilichonse chisasinthe. Pamenepo pamafunika munthu wodziwa chomwe akuchita, wotha kusintha chinthu chimodzi n'kusiya zinazo. Ndiye zida zatsopanozi uziphunzire, usaziope, koma usalumphe maziko. Munthu amene sadziwa m'mene kuwala kumagwera pankhope sangaone n'komwe kuti makina alakwitsa.

Chiko wa ku Chilomoni
Ndikuwerenga zonse ndipo ndikulemba m'kope. Funso lina ndi la render. Sabata yatha ndinasiya laputopu ikupanga render usiku wonse, magetsi anazima cha m'ma 3 koloko, batire yake ndi yakufa, m'mawa ndinapeza palibe chilichonse. Ndinakhala pansi osalankhula ndi munthu.

Aphiri a ku Area 25
Pepa mphwanga, ululu umenewo tonse tinaulawa. Cholakwika n'chakuti unauza Blender kuti itulutse vidiyo mwachindunji. Usadzachitenso. Uziuza kuti itulutse zithunzi, PNG, chimodzichimodzi m'foda. Magetsi akazima pa frame 300, zithunzi 299 zili bwinobwino, akayaka umangoyambira pamene unalekezera. Pamapeto umazilumikiza kukhala vidiyo, zimenezo ndi mphindi zochepa.

Uziwerengeranso usanayambe. Mphindi imodzi ya kanema ndi mafulemu 1,440. Ngati frame imodzi ikutenga mphindi zisanu, amenewo ndi maola 120, masiku asanu usana ndi usiku laputopu ikutentha. Ndiye pa njira zopangira render za mu Blender, siya Cycles pakadali pano, gwiritsa ntchito EEVEE, imathamanga kwambiri. Palinso SheepIt, kumene anthu a Blender amabwerekana makompyuta kwaulere, ngakhale kuti imadya bandulo potumiza ndi kukoka mafayilo. Ndipo laputopu uziikweza pa timiyala kapena tizitsekerero ta mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi, makamaka mu October muno.

Nachisale ku Cape Town
Ndipo Chiko, pa showreel ya animator render yokongola siifunika. Ife timaonera zidole zotuwa zopanda utoto, bola kayendedwe kaoneke. Mu Blender ingotulutsa zomwe ukuona pa viewport, zenera lomwe umagwirirapo ntchito, zimatenga masekondi. Showreel isapitirire mphindi imodzi, chabwino kwambiri chikhale poyamba, ndipo chomwe ukukayikira uchichotse. Zidutswa zitatu zabwino zimaposa khumi zosakaniza. Ulembenso pansi pake chomwe wachita iwe ndi chomwe wabwereka, monga chidole ngati ndi cha wina. Dziko la ntchitoyi ndi laling'ono, wabodza amadziwika msanga.

Wina akakuuza kuti Blender ndi ya ana chifukwa ndi yaulere, umuuze za Flow, filimu ya ku Latvia ya Gints Zilbalodis, ya mphaka wothawa madzi osefukira, yopanda mawu olankhula ngakhale amodzi. Inapangidwa mu Blender ndipo inalandira Oscar mu March 2025. Latvia ndi dziko la anthu osakwana 2 miliyoni. Ma studio ambiri akuluakulu amagwiritsabe ntchito Maya, n'zoona, koma wodziwa kuyendetsa chidole amasamukira ku pulogalamu ina m'masabata ochepa. Chomwe chimatenga zaka ndi diso.

Mayi a Tadala
Ndaona Tadala watenga kope lake wapita kukakhala pachigayo. Zikomo inu nonse.

Chiko wa ku Chilomoni
Akuluakulu ndabweranso patatha masabata atatu. Ndinakhala pansi ndi bambo. Tagwirizana kuti ndikalembetse za akaunti, koma madzulo ndi Loweruka ndi zanga, ndipo alonjeza kuti tikakolola andigulira batire ya laputopu. Ndinawaonetsa mipira itatu ija osawauza kanthu, analoza wachitatu n'kunena kuti uwo ndi mwala. Ndinasangalala kwambiri.

Ndaika pansipa kakanema ka masekondi asanu ndi atatu. Ndinapempha amayi kuti ndiwajambule pa foni akuchokera kumpopi ndi ndowa pamutu, anaseka koma analola, ndipo ndayendetsa chidole motsatira iwowo. Chidolecho ndi chaulere cha pa intaneti, ndowa ndaumba ndekha. Achemwali a Nachisale, musandinyengerere.

Nachisale ku Cape Town
Sindikunyengerera. Ndaonera kasanu, kenako frame ndi frame. Mapazi sakutsetserekanso, ndipo mutu wakhazikika, pamenepo wagwira. Tsopano konza izi. Ndowa yakoyo ilibe madzi. Ikuoneka yopepuka chifukwa chiuno sichikutsika phazi likaponda. Pa frame 13 ndi 25 tsitsa chiuno pang'ono ndipo uchikankhire kumbali ya mwendo womwe wanyamula thupi. Dzanja lomwe lagwira mkombero wa ndowa lauma ngati lamatidwa ndi guluu, lisiye lizitsalira mafulemu awiri kumbuyo kwa thupi. Dzanja linalo likugwedera kwambiri ngati munthu wopanda katundu, lichepetse ndi theka. Ndipo bwerera ku vidiyo ya amayi ako, pafupi ndi mapeto pali pamene anaponda pokwera pang'ono n'kuima kamphindi kuti madzi asatayike. Iwe pamenepo wapadumpha, koma ndi pamene pali moyo wonse wa kakanemaka. Ukapaike, unditumizire Lachisanu.

Gift wa mavidiyo
Chiko, ukamaliza undiuze. Ndili ndi woimba wina akufuna masekondi khumi a katuni kumayambiriro kwa vidiyo yake, mayi akuchokera kumadzi ndendende. Ndalama ndi yochepa koma theka ndikupatsiratu, monga anenera Aphiri.